Cecil Powell

Cecil Frank Powell (5 Disembala 1903 – 9 Ogasiti 1969) anali katswiri wa sayansi ya fizikisi wa ku England, yemwe anagwira ntchito pa Yunivesite ya Bristol kwa zaka zoposa 40. Amadziwika chifukwa chokonza njira yogwiritsa ntchito magalasi ojambulira zithunzi pofufuza tinthu ting'onoting'ono kwambiri kuposa atomu, komanso chifukwa chotsogolera gulu limene linatulukira kanthu kotchedwa pion mu 1947. Analandira Mphoto ya Nobel ya fizikisi mu 1950. Gulu lake, lomwe munali aphunzitsi, ophunzira, amisiri ndi amayi oyang'ana pa maikulosikopu, linali limodzi mwa magulu oyambirira a payunivesite ochita kafukufuku wotere mogawana ntchito komanso mogwirizana ndi mayunivesite a m'maiko ena. Pa zaka zake zomalizira Powell analimbikira kwambiri ntchito yochenjeza dziko za kuopsa kwa zida za nyukiliya.

Ubwana ndi maphunziro

Powell anabadwira m'tauni ya Tonbridge, m'chigawo cha Kent, kumwera chakum'mawa kwa England. Bambo ake anali mmisiri wokonza mfuti, ndipo banjali silinali lolemera. Ali ndi zaka 11 anapambana mayeso amene anamupezetsa thandizo la fizi pa sukulu ya Judd ya m'tauni momwemo. Kuchokera kumeneko anapezanso thandizo lina lokaphunzira pa koleji ya Sidney Sussex ku Yunivesite ya Cambridge, kumene anatenga digiri yoyamba ya sayansi mu 1925.

Atamaliza anakhalabe ku Cambridge n'kuyamba kafukufuku mu labotale ya Cavendish, imene pa nthawiyo inkatsogoleredwa ndi Ernest Rutherford. Amene ankamuyang'anira anali C. T. R. Wilson, yemwe anapanga chipangizo chotchedwa cloud chamber. Chipangizochi ndi kabokosi kodzaza ndi mpweya wachinyezi: kanthu kakang'ono kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakadutsamo, timadontho ta madzi timaundana m'njira imene kadutsa, ndipo njirayo imatha kujambulidwa. Powell anafufuza mmene nthunzi imasandukira madontho, ndipo anapatsidwa digiri ya PhD mu 1927. Ngakhale kuti pambuyo pake anasiya kugwiritsa ntchito chipangizochi, mfundo yozindikira kanthu kosaoneka poyang'ana mkwasa umene kasiya ndi imene anayenda nayo moyo wake wonse.

Zaka zoyambirira ku Bristol

Atachoka ku Cambridge, Powell analembedwa ntchito yothandiza pulofesa A. M. Tyndall pa kafukufuku mu labotale ya H. H. Wills ku Bristol, imene inali itangomangidwa kumene ndi ndalama za banja la Wills, eni kampani yaikulu ya fodya. Kwa zaka zingapo awiriwa ankayeza liwiro limene maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi amayendera mu mpweya. Inali ntchito yofuna kusamala kwambiri koma yosatchukitsa munthu. Kenako Powell anapatsidwa udindo wa mphunzitsi.

Mu 1936 anapita nawo pa ulendo wa bungwe la Royal Society ku chilumba cha Montserrat, ku nyanja ya Caribbean, kukafufuza zivomerezi zimene zinkavutitsa anthu kumeneko. Atabwerako anapitiriza kumanga makina othamangitsa mapulotoni, a mtundu umene John Cockcroft ndi Ernest Walton anayamba kupanga ku Cambridge. Cholinga chake chinali kuombetsa mapulotoniwo pa phata la atomu, lotchedwanso nyukiliyasi, n'kuona zotulukapo.

Njira ya magalasi ojambulira

Galasi lojambulira zithunzi la nthawi imeneyo linkapakidwa phala lotchedwa emulsion, lopangidwa ndi gelatin wosakaniza ndi timibulu ta silver bromide. Kanthu kokhala ndi mphamvu ya magetsi kakapyoza m'phalali kamasintha timibulu timene kakhudza. Galasilo likatsukidwa ndi mankhwala, timibuluto timada n'kupanga kamzere kooneka pa maikulosikopu. Utali wa kamzereko, kuthithikana kwa timibulu take komanso mmene kakukhotakhotera zimauza wofufuza kulemera ndi mphamvu ya kanthu kamene kanadutsa.

Njirayi sanaiyambe ndi Powell. Amene anaikonza kwa zaka zambiri anali Marietta Blau wa ku Vienna, yemwe mu 1937, pamodzi ndi Hertha Wambacher, anasiya magalasi pa phiri la Hafelekar ku Austria ndipo anapezamo timizere tambiri tochokera pamalo amodzi ngati nyenyezi. Chimenechi chinali chizindikiro chakuti phata la atomu laphwanyidwa ndi cosmic rays, tinthu tamphamvu kwambiri timene timafika padziko kuchokera kuthambo usana ndi usiku. Ku India, D. M. Bose ndi Bibha Chowdhuri anayesanso njirayi m'mapiri a kufupi ndi Darjeeling kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, koma chifukwa cha nkhondo sanathe kupeza magalasi abwino.

Powell anamva za ntchito ya Blau kudzera kwa Walter Heitler, wasayansi amene anathawa ku Germany chipani cha Nazi chitayamba kulamulira, n'kudzakhala ku Bristol. Iwo anatumiza magalasi ku malo ofufuzira a Jungfraujoch m'mapiri a ku Switzerland, ndipo zotsatira zake anazifalitsa mu 1939. Akatswiri ambiri a nthawiyo ankaona kuti magalasi ndi osadalirika poyeza zinthu. Powell anasonyeza kuti ngati galasi latsukidwa mosamala ndipo timizere tayezedwa ndi maikulosikopu abwino, zotsatira zake zimalingana ndi za zipangizo zina zodula. Pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse anapitiriza ntchitoyi, poyeza mphamvu za manyutuloni komanso pogwiritsa ntchito makina a cyclotron a ku Liverpool, kumene kunali James Chadwick.

Ubwino wa galasi unali woti ndi lotsika mtengo, lopepuka, silifuna magetsi, ndipo limasunga chilichonse chodutsamo kwa milungu ingapo popanda munthu kulilondera. Nkhondo itatha, kampani ya Ilford inapanga phala lokhala ndi silver bromide wochuluka kuposa kale, limene timizere take tinkaoneka bwino kwambiri.

Funso la meson

Mu phata la atomu muli mapulotoni ndi manyutuloni. Mapulotoni onse ali ndi mphamvu ya magetsi yofanana, choncho amakankhana, ndipo payenera kukhala mphamvu ina yoposa yowamanga pamodzi. Mu 1935 Hideki Yukawa wa ku Japan anafotokoza kuti mphamvuyo imanyamulidwa ndi kanthu kamene panthawiyo kanali kasanaonekepo, kolemera pafupifupi maulendo 200 kuposa elekitironi. Tinthu ta kulemera kwapakatikati kotere tinadzatchedwa meson.

Patangotha zaka ziwiri, Carl Anderson ndi Seth Neddermeyer ku America anapeza mu cosmic rays kanthu kolemera motero, ndipo ambiri anakhulupirira kuti n'kamene Yukawa ankanena. Koma panali vuto. Kanthu ka Yukawa kanayenera kugwidwa msanga ndi phata la atomu, pamene kanthu aka kankapyoza mpweya wonse wa mumlengalenga ngakhale miyala ya pansi pa nthaka. Ku Rome, Marcello Conversi, Ettore Pancini ndi Oreste Piccioni anatsimikizira kumayambiriro kwa 1947 kuti kanthuka sikagwirizana kwenikweni ndi phata la atomu. Funso linatsala lakuti kanthu ka Yukawa kali kuti.

Kutulukira kwa pion

Mu 1945 ku Bristol kunafika Giuseppe Occhialini wa ku Italy, yemwe anakhala zaka za nkhondo ku Brazil. Chaka chotsatira anaitanitsa wophunzira wake wakale wa ku São Paulo, César Lattes. Chakumapeto kwa 1946 Occhialini anatenga magalasi atsopano a Ilford n'kukawasiya pamalo oonera zakuthambo a Pic du Midi, m'mapiri a Pyrenees ku France, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,800. Ena mwa magalasiwo anali othiridwa boron mopemphedwa ndi Lattes, zimene zinathandiza kuti timizere tisafufutike msanga.

Mu Januwale 1947 Donald Perkins, wophunzira wa ku Imperial College ku London yemwe anakweza magalasi ake m'ndege, anafalitsa chithunzi cha meson imene inagwidwa ndi phata la atomu n'kuliphwanya. Gulu la ku Bristol linapezanso zithunzi zoterozo. Koma umboni waukulu unapezeka mu Malichi chaka chomwecho, pamene Marietta Kurz, mmodzi mwa amayi oyang'ana pa maikulosikopu, anaona meson imene inaima m'phala, ndipo pamalo pamene inaimapo panayambira kamzere ka meson ina. Posakhalitsa Irene Roberts anapeza chithunzi chachiwiri, mmene kamzere kachiwiriko kanathera m'phala momwemo moti kanatheka kuyezedwa konse. Zotsatirazi zinatuluka m'magazini ya Nature mu Meyi 1947, m'maina a Lattes, Hugh Muirhead, Occhialini ndi Powell.

Zithunzi ziwiri sizinali zokwanira. Lattes, ali ndi zaka 22 zokha, anatenga magalasi ena n'kupita nawo ku phiri la Chacaltaya ku Bolivia, pamtunda wa mamita oposa 5,000, kumene cosmic rays ndi yochuluka. Magalasi akumeneko anaonetsa zithunzi zina zambiri. M'zithunzi zimene zinayezedwa bwino, kamzere kachiwiri kankakhala ndi utali wofanana, pafupifupi mamilimita 0.6. Kufanana kumeneku kunasonyeza kuti meson yoyamba imasweka kukhala tinthu tiwiri tokha: meson yachiwiri, ndi kanthu kena kopanda mphamvu ya magetsi kamene sikasiya mzere, komwe masiku ano kamadziwika kuti ndi neutrino.

Apa zinadziwika kuti ma meson alipo a mitundu iwiri. Yolemerayo, imene kulemera kwake ndi pafupifupi maulendo 273 kuposa elekitironi, inatchedwa pi meson kapena pion, ndipo ndi imene Yukawa analosera. Yopepukayo, ya maulendo pafupifupi 207, ndi muon, imene Anderson ndi Neddermeyer anapeza. Ma pion amapangika pamwamba kwambiri mumlengalenga ndipo amasweka pasanathe ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a sekondi, n'chifukwa chake pansi pano pamafika makamaka ma muon. Mu 1948 Lattes ndi Eugene Gardner anapeza ma pion opangidwa ndi makina a cyclotron ku Berkeley, ku America. Yukawa analandira Mphoto ya Nobel mu 1949.

Mmene gululi linkagwirira ntchito

Galasi limodzi linkatenga masiku ambiri kuti liunikidwe lonse, chifukwa maikulosikopu imaonetsa kachigawo kakang'ono kwambiri nthawi imodzi, ndipo woyang'ana ankayenera kutsika m'phalamo pang'onopang'ono kuchokera pamwamba mpaka pansi. Powell anaona kuti akatswiri okha sangaimalize ntchitoyi. Choncho analemba amayi, ambiri mwa iwo opanda digiri ya sayansi, n'kuwaphunzitsa kuzindikira mitundu ya timizere. Mkazi wake Isobel nayenso ankagwira nawo ntchitoyi. Mayi akapeza chithunzi chachilendo ankalemba malo ake n'kuitana katswiri, yemwe ankachiyeza ndi kuchimasulira. Maina a amayiwa nthawi zambiri ankalembedwa pansi pa zithunzi zimene anapeza, koma osati pamndandanda wa olemba lipoti.

Panalinso amisiri okonza maikulosikopu ndi otsuka magalasi. Pamene phala linkapangidwa lochindikala, kulitsuka mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi kunakhala luso palokha. Ophunzira a PhD ankayeza timizere, kuwerengetsa, ndi kulemba malipoti pamodzi ndi aphunzitsi awo. Powell ankadziwika kuti ankapatsa achinyamata ufulu wotsata maganizo awo, komanso anali wodziwa kulemba ndi kuyankhula momveka bwino, luso limene linamuthandiza kupeza ndalama zoyendetsera gululi. Mu 1948 anakhala pulofesa.

Chaka chomwecho gululi linayamba kugwiritsa ntchito phala latsopano la kampani ya Kodak, limene linkaonetsa ngakhale timizere ta maelekitironi othamanga kwambiri. M'magalasi amene anasiyidwa ku Jungfraujoch, wophunzira wina wa zaka 22, Rosemary Brown, anazindikira kanthu kolemera pafupifupi maulendo 1,000 kuposa elekitironi kamene kanasweka kukhala ma pion atatu. Kanthuka kanatchedwa tau meson, ndipo lero kamadziwika kuti kaon. Lipoti lake linatuluka mu Januwale 1949. Patapita zaka zinaoneka kuti kanthu kolemera chimodzimodzi nthawi zina kamasweka kukhala ma pion awiri, zimene sizinkagwirizana ndi lamulo limene akatswiri ankalikhulupirira, lakuti chilengedwe sichisiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Mu 1956 T. D. Lee ndi C. N. Yang ananena kuti lamulolo mwina siligwira ntchito paliponse, ndipo Chien-Shiung Wu ndi anzake anatsimikizira zimenezo kumayambiriro kwa 1957.

Mabaluni ndi mgwirizano wa mayunivesite

Pofuna kufika pamwamba kuposa mapiri, gulu la Powell linayamba kupanga mabaluni akuluakulu a pulasitiki ya polythene, onyamula magalasi mpaka pamtunda wa makilomita oposa 25. Nyengo ya ku England sinali yabwino pa ntchitoyi, choncho mu 1952 ndi 1953 maulendowa anachitikira ku chilumba cha Sardinia, kumene asilikali apamadzi a dziko la Italy ankathandiza kutola katundu akagwera m'nyanja. Kenako anasamukira ku chigwa cha mtsinje wa Po, kumpoto kwa Italy. Kumeneko mu 1954 anakweza mulu waukulu wa phala lokwana malita 15, wotchedwa G-stack, umene unathandiza kuyeza njira zosiyanasiyana zimene kaon imaswekera.

Panalibe yunivesite imene ikanatha kulipira yokha maulendowa kapena kuunika yokha phala lonselo. Motero ma labotale a m'maiko angapo a ku Ulaya, kuphatikizapo a ku Milan ndi Padua, ankasonkherana ndalama, kugawana phalalo, kenako n'kuphatikiza zotsatira mu lipoti limodzi lokhala ndi maina ambirimbiri. Izi zinkachitika pasanathe zaka khumi chithereni nkhondo imene maiko omwewa anamenyana.

Nyengo ya mapiri ndi mabaluni sinakhalitse. Makina akuluakulu monga Cosmotron ya ku Brookhaven ndi Bevatron ya ku Berkeley atayamba kugwira ntchito chapakati pa zaka za m'ma 1950, ma pion ndi ma kaon ankapangidwa ochuluka mu labotale, ndipo panalibenso chifukwa chowadikirira kuchokera kuthambo. Powell anavomereza kusinthaku. Anachirikiza bungwe la CERN, limene maiko a ku Ulaya anakhazikitsa ku Geneva mu 1954, ndipo kuyambira 1961 mpaka 1963 anali wapampando wa komiti yake yoona za ndondomeko ya sayansi. Mu 1959 iye, Peter Fowler ndi Perkins anatulutsa buku lalikulu la zithunzi ndi malongosoledwe lotchedwa The Study of Elementary Particles by the Photographic Method.

Mphoto ya Nobel ndi amene sanatchulidwe

Powell anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society mu 1949, ndipo chaka chomwecho analandira mendulo ya Hughes. Mphoto ya Nobel ya 1950 anailandira yekha, chifukwa chokonza njira ya magalasi komanso zimene anatulukira zokhudza ma meson. Pambuyo pake analandiranso mendulo ya Royal mu 1961 ndi ya Lomonosov ya ku Soviet Union mu 1967.

Olemba mbiri ya sayansi akhala akukambirana ngati kunali koyenera kuti mphotoyo ipite kwa munthu mmodzi. Blau, amene anayala maziko a njirayi, anathawa ku Austria mu 1938 chifukwa anali Myuda, ndipo anakhala zaka zambiri ku Mexico ndi ku America. Erwin Schrödinger anapereka dzina lake kuti alandire mphotoyi, koma sanasankhidwe. Lattes ndi Occhialini nawonso sanailandire, ngakhale kuti Occhialini anali atagwiranso ntchito yaikulu ndi Patrick Blackett, amene analandira mphotoyi mu 1948. Malamulo a Nobel salola kuti mphoto imodzi ya sayansi igawidwe kwa anthu oposa atatu, ndipo vutoli lakula pamene magulu ofufuza afika pa anthu masauzande.

Kumene anthu a m'gululi anapita

Ambiri mwa achinyamata amene anadutsa m'manja mwa Powell anakayambitsa kapena kutsogolera magulu awo. Lattes anabwerera ku Brazil n'kukhala mmodzi mwa oyambitsa bungwe lofufuza za fizikisi la CBPF ku Rio de Janeiro mu 1949, ndipo kaundula wa pa intaneti wa ofufuza a m'dzikolo amatchedwa ndi dzina lake. Occhialini anakhazikika ku Milan. M. G. K. Menon wa ku India, yemwe anatenga PhD ku Bristol mu 1953, anakhala mkulu wa Tata Institute of Fundamental Research mu 1966, ndipo kenako nduna yoona za sayansi. Cormac O'Ceallaigh anabwerera ku Ireland n'kukhala pulofesa ku Dublin. Perkins, amene anabwera ku Bristol mu 1951, anasamukira ku Oxford mu 1965 ndipo analemba buku limene ophunzira a nthambiyi akhala akuligwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Muirhead anapita ku Liverpool, Ugo Camerini ku Wisconsin, David Ritson ku Stanford. Fowler, mdzukulu wa Rutherford, anatsalira ku Bristol n'kupitiriza kufufuza cosmic rays.

Rosemary Brown anakwatiwa ndi Fowler mu 1949 ndipo anasiya maphunziro a PhD asanamalize kuti alere ana. Yunivesite ya Bristol inamupatsa digiri yaulemu mu 2024, ali ndi zaka 98.

Kulimbana ndi zida za nyukiliya

Powell ankakhulupirira kuti wasayansi ali ndi udindo pa zimene ntchito yake imabweretsa kwa anthu. Anali mmodzi mwa anthu 11 amene anasaina chikalata cha Bertrand Russell ndi Albert Einstein cha mu Julaye 1955, chochenjeza kuti nkhondo ya mabomba a hydrogen ikhoza kuseseratu mtundu wa anthu. Chikalatachi ndi chimene chinabala misonkhano ya Pugwash, yokumanitsa asayansi a mbali zonse ziwiri za mkangano wa America ndi Soviet Union. Pa msonkhano woyamba, umene unachitika mu 1957 m'mudzi wa Pugwash ku Canada, Russell sanathe kupita, ndipo Powell ndiye anatsogolera zokambirana zambiri. Mu 1967 anakhala wapampando wa komiti yoyendetsa misonkhanoyi. Analinso pulezidenti wa World Federation of Scientific Workers kuyambira 1957 mpaka imfa yake.

Banja ndi imfa

Powell anakwatira Isobel Artner mu 1932, ndipo anabereka ana aakazi awiri. Kuyambira 1964 anali mkulu wa labotale ya H. H. Wills mpaka pamene anapuma pa ntchito mu 1969. Patangotha masiku ochepa atapuma, pa 9 Ogasiti 1969, anamwalira ndi matenda a mtima akuyenda m'mapiri a dera la Valsassina, kumpoto kwa Italy. Anali ndi zaka 65. Pafupi ndi pamalo pamene anamwalirira panaikidwa benchi yomukumbukira.

Zimene anasiya

Bungwe la European Physical Society linakhazikitsa mendulo yotchedwa ndi dzina la Powell. Gulu la ku Bristol likadalipo, ndipo likugwira nawo ntchito pa zipangizo za CMS ndi LHCb za makina a Large Hadron Collider ku CERN, kumene mayunivesite ambirimbiri amagawana ntchito yomanga zipangizo ndi younika zotsatira monga zinkachitikira ndi phala la ku Sardinia. Njira ya magalasi nayo sinatheretu. Mu 2000 inagwiritsidwa ntchito ku Fermilab, ku America, poonetsa kwa nthawi yoyamba kanthu kotchedwa tau neutrino, ndipo mu 2017 ofufuza a ku Japan anaigwiritsa ntchito pojambula ma muon opyoza piramidi yaikulu ya Khufu ku Egypt, n'kupezamo mphanga imene inali isanadziwike.